Pepala limene ndinalidumpha poyerekezera chigayo cha amalume

Amalume anga ali ndi chigayo ku Bangwe, ndipo kwa nthawi yaitali akhala akulimbana ndi funso limodzi: kodi agule makina achiwiri ogayira, kapena ndalamazo azisunge? Loweruka lililonse, makamaka mwezi ukangotha anthu atalandira malipiro, matumba ndi mabeseni a chimanga amandanda kuyambira pakhomo pa chigayo mpaka kumsewu, ndipo amayi ena akatopa ndi kudikira amasenza katundu wawo n'kupita kuchigayo china. Kwa amalume, mayi aliyense wochoka chotero ndi ndalama yotayika. Atamva kuti ntchito yanga ndi ya simulation, kutanthauza kumanga chifanizo cha ntchito inayake mu kompyuta n'kumachiyendetsa kuti tione zimene zingachitike tisanasinthe kanthu pa ntchito yeniyeniyo, anandiitana n'kundiuza kuti, "Mphwanga, kompyuta yakoyo itiuze ngati makina enawo angabweze ndalama zake."

Ndinabwerera kwathu ku Zingwangwa ndili ndi changu, ndipo usiku womwewo ndinatsegula laputopu n'kuyamba kulemba pulogalamu mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, pogwiritsa ntchito SimPy, chida chake chopangira simulation. M'pulogalamumo anthu ankafika, n'kuima pamzere, n'kugayitsa, n'kumapita. Nditaona kuti zikuyenda, ndinayamba kuwonjezera zinthu zimene zinkandisangalatsa: lamba woduka, sefa yong'ambika, nthawi yopuma ya wogayitsa, ndi mitengo ya mayunitsi a magetsi. Patatha masiku angapo ndinali ndi yankho looneka bwino, lakuti makina achiwiri adzafupikitsa mzere kwambiri. Ndinapita nalo ku Bangwe, ndipo amalume anaitana mnyamata amene amayendetsa makinawo kuti nayenso aone. Iye anapukuta manja oyera ndi ufa pa thalauza lake, anayang'anitsitsa pa laputopu kwa kanthawi, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, nanga chokonolera chili pati pamenepa?"

Chokonolera munalibe. Ndinali nditamanga chigayo chimene munthu aliyense amangobwera kudzagayitsa mgaiwa, pamene anthu ambiri pa chigayo cha amalume amayamba akonola. Manambala onse amene ndinabwera nawo anali olondola, koma anali a chigayo china, chimene chinali m'mutu mwanga mokha. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti amalume akanatha kukhulupirira yankho langalo, chifukwa linachokera mu kompyuta ndiponso linabwera ndi mwana wa mlongo wawo, n'kukatenga ngongole yogulira makina amene sakanathetsa vuto lawo.

Gawo la ntchito limene ndinalidumpha lili ndi dzina lake. Akatswiri amalitcha conceptual modelling, ndipo ine ndazolowera kulitchula kuti kujambula chifanizo cha papepala. Stewart Robinson, katswiri wa ku Britain amene walemba kwambiri pa nkhaniyi, anafotokoza mu 2008 mu Journal of the Operational Research Society kuti chifanizo chimenechi ndi kufotokoza, mosadalira pulogalamu ina iliyonse ya kompyuta, cholinga cha simulation, zimene tidzazisinthesinthe poyesa, zotsatira zimene tidzayeze, zimene zidzakhale m'katimo, zimene tangoganiza kuti zili choncho, ndi zimene tazifewetsa mwadala. Mawu akuti mosadalira pulogalamu ndi amene ndinawamvetsa mochedwa. Munthu akayamba ndi pulogalamu, pulogalamuyo ndi imene imamusankhira zoona, chifukwa maso ake amathamangira ku zinthu zosavuta kulemba mu kompyuta ndipo amalambalala zinthu zovuta kulemba ngakhale zili zofunika. Ine ndinaika lamba woduka chifukwa ndinkadziwa kale kalembedwe kake, osati chifukwa funso la amalume linkamufuna.

Loweruka lotsatira ndinasiya laputopu kunyumba. Ndinatenga kope ndi pensulo n'kukhala pa benchi pafupi ndi sikelo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo ntchito yoyamba inali kufunsanso amalume chimene ankafuna kwenikweni. Funso lawo linali la makina, koma vuto lawo linali la anthu ochoka asanagayitse. Zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo kusiyana kwake kumasintha chifanizo chonse. Ngati cholinga chili kudziwa phindu la makina achiwiri, ndiye kuti tasankha kale mankhwala tisanadziwe matenda. Tinagwirizana kulemba cholinga motere: kupeza njira yotsika mtengo kwambiri yochepetsera anthu ochoka asanathandizidwe Loweruka ndi masiku a kumapeto kwa mwezi. Titangolemba choncho, njira zina zinatulukira zokha, ndipo zambiri anazitchula ndi amalume omwe: kugula chokonolera chachiwiri m'malo mwa makina ogayira, kulemba munthu wina woti azikhala pa sikelo ndi kulandira ndalama, kutsegula m'mamawa kwambiri, kapena kukulitsa bwalo limene amayi amapetera. Zoti tidzayeze tinazisankha zochepa: chiwerengero cha ochoka, nthawi imene katundu amakhala pamzere, ndi gawo la tsiku limene makina aliwonse amakhala akulira.

Funso limene linanditengera nthawi yaitali linali losavuta kulimva: kodi chimene chimaima pamzere pa chigayo n'chiyani? Pulogalamu yanga yoyamba inkati ndi munthu. Nditakhala pa benchi paja ndinaona kuti si choncho. Mayi amafika, amatula thumba lake kumbuyo kwa matumba ena, amalonjerana ndi anzake, n'kupita kumsika kukagula ndiwo, ndipo thumbalo ndi limene limamusungira malo. Nthawi yake ikakwana iye asanabwere, wogayitsa amalidumpha n'kutenga lotsatira, chifukwa sangathire chimanga mwiniwake palibe woti atchere ufa. Mayi wina amabwera ndi katundu wa mabanja atatu, wa kabaza amatula matumba awiri a munthu amene akubwera pambuyo wapansi, ndipo kamtsikana kotumidwa kamabwera ndi beseni laling'ono limene amayi amakonda kulilowetsa patsogolo pochita chifundo. Choncho chinthu choyenda m'chifanizo chathu chinayenera kukhala katundu, ndipo katunduyo ali ndi kulemera kwake, chifukwa thumba la makilogalamu 50 silitenga nthawi yofanana ndi ndowa imodzi. Munthu analowa m'chifanizo ngati chinthu chimene katundu amachifuna kuti agayidwe, monga mmene amafunira makina ndi magetsi. Kusankha kumeneku sikukanachitika pa laputopu, chifukwa pulogalamu imalandira chilichonse chimene mwaiuza kuti ndicho choima pamzere.

Kenako panali nkhani ya njira zimene chimanga chimadutsa, imene mayi aliyense wa ku Bangwe amaidziwa bwino kuposa ine. Wofuna mgaiwa amangopita ku makina ogayira. Wofuna gramil amakonola, amatuluka panja kukapeta kuti madeya achoke, n'kubwereranso kudzagayitsa tsiku lomwelo, kotero kuti katundu wake amaima pamzere kawiri. Wofuna ufa woyera amakonola, amapeta, n'kupita ndi mphale yake kunyumba kukaiviika kwa masiku angapo, ndipo amabweranso ataitsuka ndi kuiyanika. Nditajambula njira zitatuzi m'kope, ndinamvetsa chinthu chimene ndinali nditachiona m'mawa osachizindikira: nthawi zina makina ogayira ankakhala chete pamene mzere unali wautali panja, chifukwa onse amene anali pamzerewo ankadikira chokonolera kapena anali akupeta. Makina achiwiri ogayira akanangokhala chete limodzi ndi oyambawo.

Apa ndi pamene tinayenera kuika malire, ndipo malire ndi amene amavuta kwambiri pa ntchitoyi. Kodi chifanizo chitsatire mphale mpaka kunyumba kumene ikuviikidwa, kuti tidziwe tsiku limene idzabwerere? Zikanatheka, koma zikanafuna kudziwa masiku amene banja lililonse limaviika, ndiponso ngati limabwerera kuchigayo chomwecho. Tinasankha kuti malire akhale khomo la chigayo ndi bwalo lopetera, ndipo mphale yobwerera tiziiona ngati katundu watsopano wongofuna kugayidwa. Lamba woduka ndinamuchotsa, chifukwa mnyamata uja ananena kuti zimachitika mwa apo ndi apo ndipo amakhala ndi wina wosinthira. Malonda a madeya, amene oweta nkhumba ndi nkhuku amabwera kudzagula, amalume anafuna kuti alowemo chifukwa amabweretsa ndalama, koma titakambirana anavomera kuti ogula madeyawo satsekereza mzere wa chimanga, choncho alibe gawo pa funso lathu. Kuzima kwa magetsi kokha sitinathe kukuchotsa, chifukwa magetsi akazima makina onse amaima pamene matumba akupitiriza kufika.

Robinson amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazisakaniza, ndipo ndaona kuti kusiyanitsa kumeneku n'kothandiza kwambiri. Pali zimene timangoganiza kuti zili choncho chifukwa chidziwitso chathu n'chochepa, ndipo pali zimene timazidziwa bwino koma tazifewetsa mwadala kuti chifanizo chisalemere. Kuona mphale yobwerera ngati katundu watsopano ndi kufewetsa, chifukwa tikudziwa zimene zimachitika koma tasankha kusazitsatira. Kunena kuti mayi amachoka akaona matumba ochuluka mwakuti patsogolo pake ndi kungoganiza, chifukwa palibe amene anawerengapo, ndipo mwina wina amachoka chifukwa cha nthawi imene yatha osati kutalika kwa mzere. Zongoganizazi zimachira ndi kufufuza: tikhoza kukhala pakhomo n'kufunsa ochokawo. Zofewetsazi zimafuna kuweruza ngati zingasokoneze yankho. Ndinazilemba m'masamba awiri osiyana, ndipo pambali pa chilichonse ndinalemba ngati kulakwa kwake kungasinthe yankho kwambiri kapena pang'ono. Tsamba limeneli ndi limene ndimaliona lofunika kuposa ena onse, chifukwa pulogalamu ikamalizidwa zongoganizazi zimabisala m'kati mwake, ndipo mwini ntchito amangoona manambala otuluka ngati kuti ndi choonadi chopimidwa.

Chimodzi mwa zongoganiza zimene ndinali nditazimeza osatafuna m'pulogalamu yoyamba chinali cha kafikidwe ka anthu. Masamu a mizere anayamba ndi Agner Krarup Erlang, wa ku Denmark, amene ankagwira ntchito pa kampani ya matelefoni ya ku Copenhagen ndipo mu 1909 anasonyeza kuti mafoni ofika mwachisawawa, aliyense payekha, amatsatira kawerengedwe ka Poisson. Kawerengedwe kameneka ndi kamene ophunzira ambiri amathamangira, ndipo inenso ndinakagwiritsa ntchito osadzifunsa. Koma anthu safika pa chigayo aliyense payekha nthawi zonse. Magetsi akayaka pambuyo pa maola angapo, phokoso la makina limamveka m'dera lonse ndipo amene anali kudikira kunyumba amatulukira nthawi imodzi. Zimenezi n'zofunika chifukwa mzere sukula mofanana ndi kutanganidwa kwa makina. Pa chitsanzo chophweka kwambiri cha masamuwa, cha makina amodzi ndi anthu ofika mwachisawawa, makina akamatanganidwa theka la nthawi pamakhala pafupifupi munthu 1 pamalopo, akamatanganidwa magawo 80 pa 100 pamakhala anthu 4, pa magawo 90 pamakhala anthu 9, ndipo pa magawo 95 pamakhala anthu 19. Choncho gulu lofika nthawi imodzi limatha kusiya mzere umene sutha mpaka madzulo, ngakhale kuti pa avereji ya tsiku lonse makinawo akuoneka okwanira. Palinso lamulo limene John Little, katswiri wa ku America, analitsimikizira mu 1961, lakuti chiwerengero cha zinthu zili pamalo chimafanana ndi kuchuluka kwa zofika pa ola kuchulukitsa ndi nthawi imene chilichonse chimakhalapo. Ngati matumba 12 amafika pa ola ndipo lililonse limakhala maola 2, payenera kukhala matumba pafupifupi 24. Lamulo limeneli limathandiza kuyesa pa pepala pomwepo ngati manambala amene anthu akukuuzani akugwirizana, kompyuta isanayatsidwe.

Madzulo a tsiku lachiwiri lokhala pa chigayo tinachita chinthu chimene sindidzasiyanso pa ntchito ina iliyonse. Chigayo chitatsekedwa, ndinajambula pa katoni mabwalo ndi mabokosi: bwalo la mzere wa sikelo, bokosi la kukonola, bwalo la odikira malo opetera, bokosi la kupeta, bwalo la mzere wogayitsa, ndi bokosi la kugaya. Kajambulidwe kameneka, kamene chinthu chilichonse chimasinthana pakati pa kudikira ndi kugwiriridwa ntchito, kanachokera ku ntchito ya Keith Tocher ndi anzake ku Britain, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ankayerekezera ntchito za m'mafakitale a zitsulo a United Steel Companies. Ife matumba athu anali zitsekerero za mabotolo, ndipo anthu ogwira ntchito anali njere za chimanga. Tinayamba kusuntha zitsekererozo mphindi ndi mphindi, titazungulira katoniyo ngati anthu osewera bawo. Sipanathe nthawi yaitali mnyamata uja anagwira dzanja langa n'kunena kuti, "Ayi achimwene, chimenecho sichingasunthe, chifukwa ine ndili ku sikelo." Njere imodzi ya chimanga inkafunika malo awiri nthawi imodzi. Munthu yemweyo ndi amene amayeza katundu, kulandira ndalama, kubweza chenji ndi kuthira chimanga m'chokonolera mnzake akatanganidwa ndi kugaya, ndipo nthawi iliyonse imene ali pa sikelo chokonolera chimalira chopanda kanthu, chikudya mayunitsi. Amalume anakhala chete kwa kanthawi akuyang'ana njereyo, kenako anati, "Ndimaziona tsiku lililonse, koma sindinaziwerengepo ngati vuto."

Robinson amati chifanizo cha papepala chiyenera kukwaniritsa zinthu zinayi: womanga chifanizocho akhutire kuti chidzapereka yankho lolondola mokwanira pa cholingacho, mwini ntchito achikhulupirire, chikhale chothandiza popanga chiganizo, ndiponso chikhale chotheka kumangidwa ndi nthawi ndi manambala amene alipo. Chachiwiricho ndinkachiona ngati chaching'ono, koma pa katoni paja ndinaona kulemera kwake. Amalume sadziwa Python ndipo sadzawerenga mzere ngakhale umodzi wa pulogalamu yanga, koma chifanizo cha zitsekerero anachimva chonse, anachitsutsa pamene chinalakwika, ndipo anachikonza ndi dzanja lawo. Pepala ndi malo okhawo amene mwini ntchito ndi wolemba pulogalamu amakumana ali ofanana mphamvu. Chachinayicho nachonso chinatiletsa kulakalaka zambiri, chifukwa manambala okhawo amene chigayo chili nawo ndi a m'kope la ndalama zolowa tsiku lililonse, mmene mulibe nthawi yofika kapena yochoka ya munthu aliyense. Chilichonse chimene tikanawonjezera m'chifanizo chikanafuna nambala yake, ndipo nambala yosowa tikanaipeka, kotero kuti chifanizo chodzaza ndi zinthu chikanakhala chodzazanso ndi zopeka.

Mnzanga wina amene timagwira ntchito zofanana sagwirizana nane kwenikweni. Iye amati mapulogalamu a masiku ano monga AnyLogic, Simul8 ndi Arena amalola munthu kujambula mabokosi pa kompyuta pomwepo, choncho kujambula kaye papepala ndi kugwira ntchito imodzi kawiri, ndiponso munthu amaphunzira zambiri akamanga msanga kanthu kakang'ono n'kukaona kakuyenda. Mbali yachiwiriyo ndimaivomereza, chifukwa chifanizo cha papepala sichilembedwa kamodzi n'kutha; chathu tachisintha kale katatu, ndipo chidzasinthanso pulogalamu ikayamba kutionetsa zimene sitinaziganizire. Koma mbali yoyambayo sindiivomereza. Munthu aliyense womanga simulation ali ndi chifanizo m'mutu mwake, afune asafune, chifukwa wasankha kale zoika ndi zosiya. Funso ndi lakuti kodi zosankhazo zalembedwa poyera pamene wina angazitsutse, kapena zatsala m'mutu mwa munthu mmodzi. Zanga zinatsala m'mutu mwanga, n'chifukwa chake chokonolera chinasowa popanda wondidzudzula mpaka ntchito itatha.

Nkhaniyi si ya zigayo zokha. Chifanizo cha Thanzi la Onse, chimene akatswiri a ku Kamuzu University of Health Sciences kuno ku Blantyre agwirira limodzi ndi anzawo a ku University of York, Imperial College London ndi University College London, chimayerekezera moyo wa munthu mmodzimmodzi, matenda amene amadwala ndi chithandizo chimene amalandira m'zipatala za dziko lino. Ntchito yaikulu chotero imakumana ndi mafunso omwewo amene tinakumana nawo ku Bangwe: choyenda m'chifanizo n'chiyani, malire ali pati, ndipo wogwira ntchito mmodzi akafunika malo awiri nthawi imodzi chimachitika n'chiyani. Ndimafuna kuti achinyamata amene akuphunzira zimenezi ku yunivesite ya MUBAS ndi kwina azipatsidwa nthawi yokwanira yokhala pa benchi ndi kope, chifukwa kulemba pulogalamu munthu amatha kudziphunzitsa pa intaneti, koma kuzindikira kuti thumba ndi limene likuima pamzere kumafuna maso ndi makutu pamalopo.

Pakali pano chifanizo chathu cha papepala chili ndi masamba anayi, ndipo amalume ali ndi kope lawo la masambawo m'kabati ya mu ofesi ya chigayo. Pulogalamu yatsopano sindinayambe kulemba. Tagwirizana kuti kwa Loweruka anayi otsatizana mwana wa amalume azikhala pakhomo ndi wotchi, n'kumalemba nambala ndi choko pa thumba lililonse lofika, nthawi imene lafika, njira imene likutsata, ndi nthawi imene latuluka, ndipo aliyense wochoka asanagayitse azimufunsa mwaulemu chimene chamuchotsa. Amalume aimitsa kaye zokambirana zawo ndi wogulitsa makina ku Limbe, ndipo Loweruka likubwerali ayesa kuika munthu wapadera pa sikelo kuyambira m'mawa mpaka masana, kuti tione ngati chokonolera chidzasiya kulira chopanda kanthu.